Moto wapansi ndi moto wapamwamba: kuphika chigumu pa ulendo osapsereza

Pa zakudya zimene munthu angaphike ali kutali ndi kwawo, nsima si yovuta. Imangofuna mthiko ndi mkono wolimba. Usipa nawo suvuta, bola pakhale tomato, anyezi ndi mchere. Chimene chimagonjetsa anthu ambiri ndi chakudya chofufumitsa: chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, masikono ndi buledi. Munthu amasakaniza ufa wake bwinobwino, kuthira mu poto, kuteleka pa mbaula n'kuvundikira. Fungo loyamba limakhala lodzutsa mudyo, koma posakhalitsa kumabwera fungo la utsi. Akavundukula amapeza pansi pasanduka khala pamene pakati pakadali phala. Ufa, shuga, nthochi ndi makala zonse zapita pachabe, ndipo pa ulendo palibe golosale yoti n'kuthamangirako.

Nkhaniyi si yachilendo kwa Maganga, m'mphepete mwa nyanja ku Salima, chifukwa kumeneku anthu ophika panja ndi ochuluka. Kuli asodzi amene amachoka kwawo kukamanga misasa pa madoko ena kutsatira usipa ndi utaka, n'kukhala kumeneko masabata angapo. Kuli amayi ogula nsomba amene amagona pafupi ndi mathandala awo kudikira kuti usipa uume. Kulinso alendo, Amalawi ndi akunja omwe, obwera ndi zikwama kumsana kudzamanga matenti ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma la Salima. Chakumpoto, kwa Makanjira, kuli chilumba cha Mbenji, kumene usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, ndipo malamulo a mafumu, amene akhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950, salola akazi kufika pa chilumbacho. Amuna amene ali kumeneko amadziphikira okha. Anthu onsewa amafuna chakudya chomwera tiyi m'mawa, chokhalitsa m'mimba, chotha kunyamulika m'boti kapena m'chikwama. Chigumu chimakwanira zonsezi, ngati sichinapserere.

Ambiri akapsereza amati moto unachuluka. Zoona zake n'zakuti vuto lalikulu si kuchuluka kwa moto, koma kumene motowo ukuchokera. Chigumu kapena buledi amapsa bwino pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 180, ndipo kutenthako kuyenera kumuzungulira mbali zonse. Uvuni imagwira ntchito imeneyi: imatenthetsa mpweya, mpweyawo n'kukuta chakudya pansi, m'mbali ndi pamwamba mofanana. Mbaula siitero. Makala oyaka bwino amapitirira madigiri 600, lawi la gasi limafika cha m'ma 1,900, ndipo kutentha konseku kumagunda malo amodzi, pansi pa poto. Tikamaphika ndiwo sitiona vutoli chifukwa madzi amatiteteza. Madzi owira sapitirira madigiri 100, ndipo pano pa nyanja, pamene pakwera mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, amawira pa 98. Malinga ngati mu poto muli msuzi, chakudya sichingapserere. Koma phala la chigumu likangokhudza chitsulo chotentha, madzi a pansipo amauma m'mphindi zochepa. Akauma, ufa umayamba kufiira kutentha kukadutsa madigiri 140, shuga amayamba kusungunuka ndi kuda cha m'ma 160, ndipo kupitirira 200 kumatsala khala lowawa. Nthawi yonseyi kutentha kumakhala kukuyenda pang'onopang'ono kulowa pakati, chifukwa phala lodzaza ndi timpweya silipititsa kutentha msanga. Pansi pamatha kupserera pakati pasanafunde n'komwe.

Choncho luso lonse lagona pa kugawa moto: wochepa pansi, wambiri pamwamba, ndiponso kuika kanthu pakati pa lawi ndi chakudya.

Amene amadziwa izi kuposa wina aliyense ndi amayi ophika zigumu zogulitsa, ndipo ndimaona kuti sapatsidwa ulemu wowayenera ngati akatswiri. Imani pafupi ndi mmodzi wa iwo m'bandakucha muone mmene manja ake akuyendera. Amayatsa makala n'kuwasiya mpaka malawi atatha, khala lililonse litavala phulusa loyera. Sateleka pa moto wa malawi. Akatero amakokolola makala ambiri mu mbaula n'kuwaika pa chidutswa cha lata, mu mbaulamo n'kutsala ochepa, owerengeka, amene amawakankhira m'mbali kuti pakati pakhale popanda kanthu. Nthawi zina amawazako phulusa kuti afatse. Poto amaipaka mafuta, ena amayalamo tsamba la nthochi lowaula, kenaka amathira phala osadzaza. Lata la makala lija limakhala chivundikiro. Akatero sachoka, koma sakhalanso akuvundukula. Pakapita kanthawi amagwira poto ndi kansanza n'kuitembenuza pang'ono, lata nalo amalitembenuzira mbali ina. Mphuno yake ndiyo wotchi. Fungo la nthochi likayamba kumveka amachotseratu poto pa mbaula, kuiika pansi, n'kusiya moto wapamwamba wokha kuti umalize ntchito. Chigumu chikatuluka chimakhala chofiirira mofanana, pansi ndi pamwamba.

Chinthu chomalizacho, kuphula poto chakudya chisanapse, ndicho ambiri sachidziwa. Pansi pamapsa msanga, choncho moto wapansi umafunika pa magawo awiri oyamba mwa magawo atatu a nthawi yophika. Gawo lachitatu ndi la moto wapamwamba wokha. Kagawidwe ka makala nako n'kosavuta kukumbukira: mukakhala ndi makala atatu, awiri apite pamwamba, limodzi pansi. Apamwambawo muwandandalike m'mphepete mwa chivundikiro, pakati muike ochepa, chifukwa akaunjikana pakati amaboola chigumu ndi chibanga chakuda. Chigumu cha poto yapakatikati chimatenga mphindi 30 mpaka 45.

Njira imeneyi si yathu yokha, ndipo n'zolimbikitsa kuona kuti anthu otalikirana adafika pa nzeru imodzi. Amalawi amene adakhalako ku South Africa amadziwa potbrood, buledi wophikidwa mu mphika wachitsulo makala ali pa chivundikiro. Miphika yotere idafala kuchokera pamene Abraham Darby wa ku England adalandira chilolezo cha njira yake youmbira miphika yachitsulo mu zikombole za mchenga mu 1707. Ku gombe la Kenya ndi Tanzania amaphika mkate wa sinia, wa mpunga ndi kokonati, moto uli pansi ndi pamwamba. Ku America, sukulu ya NOLS, imene idayamba mu 1965 ku Wyoming kuphunzitsa anthu kukhala m'tchire, imaphunzitsa ophunzira ake kusonkha kamoto ka timitengo pa chivundikiro cha chiwaya, chitofu chili chapansipansi. Anthu amalipira ndalama zambiri kukaphunzira zimenezi, pamene kuno zimachitika kuseri kwa nyumba tsiku lililonse.

Tsopano mchenga. Munthu wa kwa Maganga ali ndi mwayi umene wa ku Lilongwe alibe, chifukwa chida chabwino kwambiri chotetezera chakudya ku moto chili pansi pa mapazi ake, chaulere. Tengani poto yaikulu, thiranimo mchenga wouma wakuya zala ziwiri, itelekeni pa moto itavundikiridwa kwa mphindi 10 kapena 15. Kenaka ikani kapoto kakang'ono kapena chikombole cha phala pamwamba pa mchengawo n'kuvundikiranso. Mchenga umalandira kutentha mochedwa ndipo umakutulutsa mochedwa. Moto ukalusa mwadzidzidzi, mchenga umameza ukaliwo. Moto ukafooka, mchenga umapitiriza kutenthetsa. Poto yaikuluyo yasanduka uvuni. Pali zofunika kusamala ziwiri. Choyamba, mchenga ukhale wouma ndi woyera, wotapa kumtunda kutali ndi pamene amatsukira nsomba kapena kuthira mafuta a injini za maboti, apo ayi chigumu chidzanunkha. Chachiwiri, kapoto ka mkati kasakhudze m'mbali mwa poto yaikulu, pakhale mpata woti chala chilowe, kuti mpweya wotentha uzizungulira. Kumene kulibe mchenga, timiyala titatu touma timagwira ntchito yomweyo yokweza chikombole. Miyala yotola m'madzi ayi: madzi obisala mkati mwake akawira, mwala umatha kuphulika.

Anthu a m'chipululu cha Sahara, a mtundu wa Tuareg, amapita patali kuposa apa. Buledi wawo wotchedwa taguella amamukwirira mu mchenga wotentha pansi pa makala, popanda poto, akapsa n'kumusasa. Ifenso timachita chimodzimodzi ndi mbatata ndi chinangwa mu phulusa lamoto, ndipo chifukwa chimene mbatata yokwirira imapsa mpaka pakati ndi chomwecho: kutentha kwafatsa ndipo kwaizungulira.

Ngati mchenga ndi bwenzi la wophika kunyanja, mphepo ndiye mdani wake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, nthawi zina masiku angapo osaleka, mpaka asodzi kulephera kulowa m'madzi. Masiku amenewa ndi amene anthu amakhala pa msasa ndi nthawi yophika, komanso ndi amene zigumu zimapserera kwambiri. Mphepo imachita pa makala zimene mvukuto umachita kwa wosula zitsulo. Makala amene munawasiya atafatsa amadzuka n'kufiira mbali imodzi, pamene mbali ina ya poto ikuzizira ndi mphepo yomweyo. Zotsatira zake ndi chigumu chakuda theka, chachiwisi theka. Makala apamwamba nawo amanyeka msanga n'kutha chakudya chisanapse. Musanayatse moto, yang'anani kaye kumene mphepo ikuchokera. Kumbani kadzenje mu mchenga muikemo mbaula, kapena unjikani mchenga mbali ya mphepo, kapena imikani lata. Khomo la mbaula lifulatire mphepo, ndipo ngati lili ndi kachitseko mukatseke. Kutembenuza poto pa mphindi 10 zilizonse kumafunika kwambiri nyengo imeneyi.

Mlandu wina uli mu phala lenilenilo. Shuga ndiye amayamba kupserera, ndipo nthochi zakupsa kwambiri, zija zamadontho akuda, zili kale ndi shuga wokwanira. Pa moto wovuta kuulamulira, chepetsani shuga wothira. Pa makapu awiri a mgaiwa, nthochi zinayi zikuluzikulu, kamchere, masupuni awiri a mafuta ndi theka la supuni yaing'ono ya soda n'zokwanira. Madzi kapena mkaka muthire mpaka phala lizigwa pa mthiko mwaulesi, osati kuyenderera. Kuya kwake mu poto kusapitirire zala zitatu. Apa ndi pamene dyera limapweteketsa anthu: amafuna chigumu chachikulu chimodzi, koma phala likazama, kutentha sikungafike pakati kunja kusanapserere. Ziwiri zopyapyala zimaposa chimodzi chonenepa, ndipo makala ake amafanana.

Soda naye amafuna kumumvetsa. Kuti atulutse mpweya wofufumitsa amafuna kanthu kowawasa: chambiko, madzi a ndimu, bwemba, ngakhale ufa wa malambe, umene ku Salima sungasowe. Popanda chowawasa, soda wambiri amatsala mu chigumu, kuchipatsa kakomedwe ka sopo ndi mtundu wachikasu chakuda. Komanso soda wochuluka amafulumizitsa kufiira, motero chigumu chimaoneka chakupsa chisanapse. Mukangothira soda, phala lisadikire. Moto ukhale utakonzeka kale. Wofuna buledi wa isiti ali ndi vuto losiyana: m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunyanja kumatentha kupitirira madigiri 30, mtanda umafufuma mofulumira n'kuyamba kusasa. Uikeni pa mthunzi, ndipo muumbe timabanzi ting'onoting'ono m'malo mwa lofu.

Za mapoto sindichulukitsa. Poto yokhuthala pansi imamwaza kutentha, yopyapyala imakusiya pamalo amodzi. Mapoto athu olemera a aluminiyamu ndi abwino, chifukwa chitsulo chimenechi chimayendetsa kutentha msanga kupita mbali zonse. Timapoto topepuka ta titanium timene alendo ena amanyamula ndi tabwino kuwiritsira madzi, koma pa chigumu timatentha pokhapo pamene lawi lagunda. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, choncho musasiye poto yopanda kanthu pa moto waukali. Chovundikira chisakhale lata lopaka penti kapena chitini chimene munali mankhwala.

Nanga amene ali ndi kachitofu ka gasi kapena ka palafini, wopanda makala oika pamwamba? Iyeyu ndi amene ali pa vuto lalikulu, chifukwa lawi lake ndi laling'ono, laukali, ndipo limachokera pansi pokha. Angagwiritse ntchito poto ya mchenga, lawi litachepetsedwa mpaka pamapeto, ndi kamoto ka timitengo pa chivundikiro ngati malowo amalola. Pali mapoto opangidwira ntchito imeneyi, monga Omnia wa ku Sweden, amene ali ndi bowo pakati loti mpweya wotentha ukwere n'kubwerera pamwamba pa chakudya, koma ndi odula ndipo kuno sapezeka wamba. Chenjezo lalikulu ndi ili: pa chitofu chimene chimamangidwa pamwamba penipeni pa kabotolo ka gasi, poto yotakata imabwezera kutentha ku botolo, ndipo mukatchinga mbali zonse poopa mphepo, botololo limatentha mpaka kuphulika. Siyani mbali imodzi yotsegula, ndipo muzilikhudza pafupipafupi. Likayamba kuotcha dzanja, zimitsani.

Koma maganizo anga ndi akuti wa gasi asalimbane ndi kuotcha. Aphike ndi nthunzi, monga makolo athu ankachitira ndi mkate. Nthochi zosinja ndi ufa, zokulunga m'masamba a nthochi n'kuphika pa madzi owira, zidali kamba wa apaulendo kalekale magalimoto asanabwere. Azulu ali ndi buledi wa nthunzi wotchedwa ujeqe. Thirani madzi akuya zala ziwiri mu poto, ikani timitengo topingasa kapena timiyala, phala likhale m'masamba kapena m'makapu achitsulo pamwamba pake, vundikirani zolimba. Popeza nthunzi siipitirira kutentha kwa madzi owira, chakudyacho sichingapserere ngakhale mutafuna, pokhapokha madzi ataphwa. Sichidzakhala ndi khungu lofiira lija lokhukhuluza, zimenezo n'zoona, koma chidzapsa mpaka pakati, ndipo gasi amapita wochepa chifukwa madzi akawira lawi laling'ono limakwanira. Okwera phiri la Mulanje adziwe kuti ku Sapitwa, pa mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90, choncho awonjezere nthawi.

Popanda chida choyezera, kutentha mungakudziwe motere. Wazani kaufa pang'ono m'chikombole chopanda kanthu n'kuvundikira. Ukafiirira pa mphindi zisanu, moto uli bwino. Ukada pa mphindi imodzi kapena ziwiri, chotsani makala. Kapena ikani chikhatho pamwamba pa makala, motalikira ngati kutalika kwa dzanja lanu: mukapirira kuwerenga mpaka sikisi kapena seveni, ndi moto wa chigumu, koma mukathawa pa thuli, umenewo ndi wootchera chambo. Mphindi 20 zoyamba musavundukule, chifukwa mpweya wotentha ukathawa chigumu chimaphwa pakati. Poyesa kupsa, bayani kamtengo koyera pakati. Kakatuluka kouma, chapsa. Chisiyeni mu poto mphindi 10 kuti chilimbe ndi kudzimatula chokha. Mukamva fungo lopserera nthawi isanakwane, musataye mtima: phulani poto, ikani pa mchenga wonyowa kuti pansi pazizire msanga, moto wapamwamba upitirize. Kawirikawiri chimapulumuka, mumangosenga pansipo ndi mpeni.

Sitingakambe za makala osatchula mitengo. Mabanja opitirira 90 mwa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo nkhalango ngati ya Thuma, kuno ku Salima, yakhala ikuvutika ndi ootcha makala kwa zaka zambiri. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu. Zilumba za Maleri, zimene zimaonekera ku gombe lathu, ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Si malo odulako mtengo. Koma chabwino n'chakuti chigumu sichifuna moto wakewake. Makala otsala mutaphika nsima ndi ndiwo, amene ambiri amangowasiya kuti anyeke pachabe, ndi omwe ali pa mlingo woyenera. Zitsononkho za chimanga ndi mapesi a nandolo zimapereka makala opepuka abwino kuika pa chivundikiro, ngakhale amafuna kuwonjezera kawiri kapena katatu. Mbaula ya dongo ya Chitetezo, imene idafala pamene boma lidalonjeza mu 2013 kufikitsa mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020, imasunga kutentha ndi kutchinga mphepo. Ndi yolemera ndipo imasweka, choncho si yonyamula kumsana, koma pa msasa wa masabata angapo ndi yothandiza kwambiri. Poyatsa, pewani majumbo ndi mapulasitiki. Utsi wake ndi woipa m'chifuwa ndipo umalowa m'chakudya.

Zinthu ziwiri zomaliza ndi za moyo. Mwera ukavuta, munthu amakopeka kulowetsa mbaula mu tenti kapena m'kanyumba kotseka. Musatero. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo anthu amafa ali m'tulo tomweto. Chitofu cha gasi kapena cha palafini pamalo otseka ndi choopsa chimodzimodzi. Phikirani panja, kapena pa msasa wotsegula mbali ziwiri.

China ndi chizolowezi chokwirira makala ndi mchenga pochoka. Mchenga womwe uja umene umasunga kutentha mu poto umasunganso kutentha kwa makala okwiriridwa, ndipo malowo amatha kukhala otentha mpaka m'mawa pamene pamwamba pakuoneka ngati palibe kanthu. Pa magombe a kwa Maganga ana amathamanga opanda nsapato kuyambira dzuwa likutuluka. Mukamaliza kuphika, tungani madzi m'nyanja, thirani pa makala ndi pa mchenga wa mu poto, takasani, thiraninso, ndipo musachoke mpaka mutagwira ndi dzanja n'kumva kuti pazizira.